Pampu ya Amayi, Nambala ya Amalume

Ine, amene kwathu amanditcha Lezala, wazaka makumi awiri ndi zitatu, wokhala m'mudzi wa kuseri kwa chigayo, amene ntchito yanga ndi kutchaja mafoni ndi kugulitsa mayunitsi m'kakontena ka pamsika, ndikupereka umboni uwu popanda wondikakamiza. Sukulu ndinafika nayo Folomu 4, ndiye mukamaliza kulemba mundipatse ndiwerenge ndekha.

Munthu amene mwamutsekera m'chitokosi kuyambira dzana ndi achimwene anga, obadwa nawo bere limodzi. Amakonza njinga pansi pa mtengo wa pamphambano. Amene anadzadandaula kuti aberedwa pampu ndi amalume athu, mlongo wawo wa amayi, amenenso ndi wapampando wa kalabu ya alimi a kudimba. Pampu yofiira imene ili kuseri kwa kauntala yanuyo, pambali pa njinga zogwidwa, ndi ya amayi. Ndifotokoza mmene inakhalira ndi nambala ya amalume.

Chaka chino, mvula itangosiya, alangizi a zaulimi anaitanitsa msonkhano wa kalabu m'kalasi ya pasukulu. Ine ndinapitako kuperekeza amayi, poti maso awo saonanso bwino zolemba za pabolodi. Alangiziwo anati boma labweretsa thandizo la ulimi wothirira ndi kuteteza nthaka, koma ndi logawana mtolo. Mlimi ayambe ndi iye: akumbe ngalande zotchinga madzi kumtunda kwa munda, adzale udzu wogwira dothi m'mbali mwake, agule pampu ndi mapaipi, aziike pamunda. Akatero woyendera wochokera ku ofesi abwera kudzaona ndi maso. Akakhutira, boma limabweza gawo lalikulu la zimene mlimi waononga, kagawo kotsalako n'kukhala ka mlimiyo.

Anthu anaomba m'manja. Bambo wina kumbuyo anafunsa kuti nanga munthu wopanda ndalama ayamba bwanji. Alangizi anayankha kuti malamulowo sanalembe ndi iwo.

M'kalabu yonseyo amene anagula pampu ndi amayi okha. Anagulitsa makina osokera amene malemu bambo anatisiyira, ndi mbuzi zonse kupatula imodzi yabere. Kutauni ndinapita nawo ine. Tinabwera nayo pa minibasi ili pamiyendo panga, kondakitala akufuna kuilipiritsa ngati munthu. Ngalande tinakumba atatu: amayi, achimwene ndi ine. Munda wathu uli pamtunda, chapatali ndi mtsinje, ndipo dothi lake ndi lamiyala. Matuza ake anthu pamsika anawaona, mukhoza kuwafunsa.

Woyendera woyamba anali bambo wonenepa wa nsapato zonyezimira. Tinamva kwa a makalabu ena kuti akafika pamunda amangoimika mlimi pambali pa pampu, n'kuuza kuti ailize, n'kujambula pafoni, basi. Amalume atamva zimenezi anabwera kwathu madzulo ena, ine ndikutsuka mbale pakhonde. Anakhala pampando wa malemu bambo, nati kwa amayi: "Achemwali, mapampu onse a m'sitolo ija ndi ofiira. Ndani angasiyanitse? Yanuyi izingotsogola, woyendera azibwera pambuyo. Ndalama zikabwera aliyense akagula yakeyake. Boma silitaya kanthu, tangosintha choyamba ndi chomaliza."

Ine ndinati, "Malume, ngati zili zophweka choncho, bwanji osagulitsa ng'ombe yanu imodzi?"

Iwo anati, "Iwe Lezala, akamalankhula akuluakulu uzitsuka mbale."

Atachoka ndinauza amayi kuti akane. Amayi anati, "Ndi mlongo wanga. Pamaliro a bambo ako anakhoma bokosi ndi manja ake. Ndikana bwanji?" Ndinawakumbutsa kuti matabwa a bokosilo tinagula tokha. Koma pampu anaibwereketsabe.

Ulendo woyamba wa woyendera, pampu inayenda minda itatu tsiku limodzi. Mwini munda ankabwera kudzaitenga pa njinga, itapukutidwa ndi kukulungidwa m'nsalu, n'kudutsa nayo kanjira ka m'mabango pamene galimoto ya woyendera ikuzungulira kumsewu. Akazi a pamunda wam'mbuyo ankamuchedwetsa woyenderayo ndi tiyi. Anthu anaipatsa dzina pampuyo, ankati Mkwatibwi. Ukadutsa pamsika umamva, "Lero Mkwatibwi agona kwa yani?" Minda itatuyo ndikuidziwa ndipo eni ake ndikhoza kukusonyezani. Munda wa amayi sunali paulendo umenewo. Amene ankakonza ndondomeko ya minda ndi amalume monga wapampando, ndipo anati ya achemwali ndi yeniyeni, palibe chothamangira.

Pa ulendo wachiwiri ndinapita kwa amalume n'kuwauza kuti ngati amayi sakhala oyamba, pampu ndiitsekera m'kontena mwanga. Anavomera. Tsikulo litafika tinadzuka m'mamawa, tinayala mapaipi, achimwene anathira petulo n'kupita kuntchito kwawo. Tinakhala pamunda kudikira galimoto yochokera kumsewu wakumtunda.

Cha m'ma naini koloko amalume anatulukira m'mabango akuthamanga ndi njinga yawo, malaya ali pamtunda pa buluku. Anati alangizi awaimbira foni kuti mlatho wakumtunda akuukonza, galimoto yadzera kumunsi, ndipo munda woyamba kumeneko ndi wawo. Anati, "Achemwali, angojambula basi. Asanamalize tiyi ikhala itabwerera." Ine ndinakhala pa pampuyo. Amayi anati ndidzuke. Ndinakana. Ananenanso kachiwiri, ndi dzina langa lenileni limene satchula kawirikawiri. Ndinadzuka. Amalume anaikweza pa njinga, ine ndinawatsatira pambuyo, amayinso ananditsatira ine.

Woyendera sanali bambo wa nsapato uja. Anali mayi wamtali wovala magambuti, ndipo tiyi anakana. Anayenda munda wonse wa amalume, anaona ngalande zimene anapalapala dzulo lake, anapukusa mutu, koma anati zikhoza kukonzedwa. Atafika pa pampu anafunsa, "Pampu iyi ndi yanu, bambo?"

Amalume anati, "Ndi yanga, bwana. Thukuta langa."

Ine ndinatsegula pakamwa. Amayi anandigwira pamkono apa, zikhadabo zawo zinalowa.

Woyenderayo sanangojambula. Anatulutsa m'chikwama kachitsulo kosalala kolembedwa nambala, ndi chida chokhomera, n'kukakhomera pa chitsulo cha pampu. Kachitsulo kake ndi komwe apolisi anu anawerenga kaja. Kenako anafotokoza pamaso pa tonse kuti kwina anthu akumabwerekana mapampu, choncho tsopano pampu iliyonse izikhala ndi nambala ya munda wake. Anati isachoke pamundapo, oyendera azibwera mosalengeza, ndipo woichotsa ayankha mlandu chifukwa muli dzanja la boma. Pamene ankanena zobwerekanazo, akazi a amalume, amene timawatcha azakhali, anati, "Anthu ena alibe manyazi ndithu."

Kuchoka pamenepo woyendera anatinyamula pagalimoto yake mpaka kumunda kwathu. Anayenda m'ngalande zathu zonse, anagwira udzu, anati pa minda imene waona mwezi umenewo palibe wokonzedwa ngati uwu. Anatsata mapaipi mpaka pamene athera. Pansi panali dontho la petulo ndi mapazi anayi a pampu. Anaima n'kuyang'ana pamenepo, kenako anafunsa, "Nanga pampu ili kuti, mayi?"

Amayi anati, "Sindinagule."

Lembani momwemo. Anati sanagule.

Woyendera anafunsanso ngati ali ndi choti amuuze. Amayi anati alibe. Iye anati popanda pampu sangavomereze munda, ndipo gawo lino la thandizo likutsekedwa kumapeto kwa mweziwo. Anandiyang'ana ine. Mkono wanga unali udakali m'dzanja la amayi.

Madzulo ake amalume anabwera ndi azakhali. Analumbira kuti ndalama za boma zikangolowa, tsiku lomwelo akagula pampu yatsopano ya amayi, yabwino kuposa yakaleyo. Anati pakali pano sangaibweze chifukwa cha oyendera osalengezawo. Achimwene anafunsa kuti anyezi amene tawokera athiriridwa ndi chiyani. Amalume anati, "Mphwanga, kale anthu ankathirira ndi chiyani?"

Tinabwerera ku makeni othiririra. Kuchokera kumtsinje kufika pamunda ndi chitunda, ndipo wodzaza makeni awiri sungakwere osapuma. M'mawa ndinkathirira ndisanatsegule kontena, madzulo achimwene, masana amayi okha. Tomato tinamusiya kuti aume, tinasankha anyezi. Kumunsi pampu inkalira, ndipo mphepo ikamachokera kumeneko tinkaimva tili pachitundapo.

Ndalama za amalume zinalowa patapita miyezi iwiri. Ndinadziwira kwa mkazi wa wogulitsa mowa amene amatchaja foni kwa ine. Sabata yomweyo amalume anagula njinga yamoto yabuluu, ili ndi mapepala apulasitiki pampando mpaka lero. Ndinatseka kontena n'kupita kwawo. Ndinawapeza akuipukuta.

Ndinati, "Malume, pampu yatsopano ija ndi imeneyi? Paipi timangirira pati?"

Anati njinga ibweza ndalama msanga ponyamula anthu, ndipo ikabweza agula mapampu awiri. Anati vuto la ana a sukulu ndi kusadziwa bizinesi. Azakhali anatuluka m'nyumba nati, "Ndi pakamwa pamenepo ndani angakukwatire?" Ndinawayankha kuti ngati kukwatiwa ndi kupukuta katundu wa eni, ndidikira kaye. Zimenezi ndinanena ndithu, ngati abwera kudzadandaula za mwano, mudziwiretu.

Ndinapita kwa alangizi. Anali pakhomo pa ofesi yawo akumanga katundu pa njinga. Ndisanamalize anakweza manja nati, "Mwana wanga, ine sindinaone kanthu, sindinamve kanthu, ndatsala pang'ono kupuma pantchito." Ndinapita ku ofesi yaikulu kutauni kukafuna mayi wa magambuti uja. Ulendo woyamba anati ali kuminda. Wachiwiri anati ali kumsonkhano. Wachitatu kalaliki wa pawindo anandimvetsera, n'kutsitsa mawu nati ndiganize bwino, chifukwa wobwereketsa ndi wobwereka onse ananamiza boma, ndipo zikadziwika kalabu yonse ichotsedwa pa thandizo. Ndinabwerera. Amayi atamva kuti ndinapita kutauni anakhala osandilankhula mpaka tsiku linalo.

Anthu a minda itatu ija, amene analandira ndalama chifukwa cha pampu yathu, mmodzi yekha ndiye anagula yake. Ndinam'pempha atibwereke. Anati yake ili ndi nambala, singachoke pamunda. Ananena akuyang'ana foni yake imene ndinkamutchajira ine.

Lolemba la sabata ino, masana, mayi wina wogulitsa masamba anabwera pakontena kudzandiuza kuti amayi agwa pachitunda. Ndinathamanga. Ndinawapeza atakhala pansi, bondo likutuluka magazi, keni imodzi itagubuduka mpaka kumunsi. Ankayesa kudzuka kuti akaitole. Ndinawamanga bondolo ndi mpango wanga n'kuwaperekeza kunyumba. Kuchokera kumeneko ndinadzera pamphambano kukauza achimwene.

Achimwene anasiya njinga ya kasitomala ili chagada, anatenga sipanala ziwiri, anabwereka wilibala kwa owotcherera zitsulo, n'kuyamba kutsetserekera kudimba. Ine ndinali pambuyo pawo. Dzuwa linali pamutu. Tinadutsa pamsika, anthu akuona, ena akufunsa kuti tikupita kuti. Ndinawauza kuti tikukatenga Mkwatibwi, ukwati watha.

Pamunda wa amalume tinapeza azakhali akupalira. Amalume kunalibe, anali kunyamula anthu. Achimwene anapereka moni, nati, "Azakhali, tabwera kudzatenga katundu wa amayi." Azakhali anati tidikire eni ake. Achimwene anati tadikira kale. Pampu inali itamangidwa ndi unyolo ndi loko ku mtengo wa gwafa. Unyolowo unadutsa pa chogwirira. Achimwene sanathyole loko, sanadule unyolo. Anamasula maboti a chogwiriracho, n'kuchisiya chili lende pamtengo pamodzi ndi unyolo wake. Ndi chifukwa chake pampu ili apoyo ilibe chogwirira. Palibe amene anakankhidwa kapena kumenyedwa. Azakhali anakuwa kuti akuba, koma anthu amene anabwera atationa anangoima. Mmodzi anathandiza kukweza pa wilibala. Dzina lake sinditchula pokhapokha mutandifunsa.

Wilibala anakankha ndi achimwene. Paipi yaifupi yokokera madzi, imenenso ndi yathu, ndinanyamula ine paphewa. Ngati kumeneko ndi kuba, ndiye kuti mwatsekera mmodzi pa akuba awiri.

Pampu inagwira ntchito madzulo a Lolemba ndi m'mawa wa Lachiwiri. Amayi anabwera akutsimphina, anakhala pamwala kuyang'ana madzi akuyenda m'mizere. Sananene kuti tibweze, sananenenso kuti tachita bwino.

Lachiwiri lomwelo, cha m'ma teni, anabwera apolisi anu awiri, amalume ali patsogolo pa njinga yamoto. Wamkuluyo anawerama n'kuwerenga nambala, anaifananitsa ndi pepala la amalume, nati zikugwirizana. Ndinamuonetsa lisiti la kusitolo. Anati lisitilo langolembedwa kuti pampu imodzi, lilibe nambala, ndipo amalume nawonso ali ndi lawo. Kumene analitenga lawolo afunseni eni ake, ine sindinaoneko. Anazimitsa pampu madzi asanafike mizere yomaliza. Achimwene anapereka okha manja. Amalume anati, "Sindikufuna zoipa, bwana, koma katundu wa boma ndi wa boma."

Dzulo madzulo amalume anabwera kwathu. Anati magazi ndi magazi, iwo ndi okonzeka kuthetsa mlandu. Chofunika n'chakuti amayi abwere kuno adzanene kuti pampu ndi ya amalume, mwana wawo anangoitenga chifukwa cha kupsa mtima. Akatero achimwene atuluka tsiku lomwelo, kalabu ikhala pa mtendere, palibe amene afufuzidwa. Amayi anavomera. Anandiuza kuti ndikadzaitanidwa ndidzanene chimodzimodzi. Ndinati ndamva. Sindinati ndavomera.

Lero m'mawa ndinafika kuno ndisanadzere pakontena, kudzapereka chakudya cha achimwene. Wapolisi wa pachitseko anandilola kulankhula nawo pakawindo ka mawaya. Ndinawafotokozera za dzulo. Anafunsa ngati anyezi athiriridwa. Ndinati ndathirira mizere ya kumunsi yokha. Kenako anati, "Lezala, musandigule ndi pampu. Muno ndikhoza kugonamo."

Amayi anafika pambuyo pake ndi ndodo. Amalume anawapeza atakhala pa benchi ya panja, pansi pa windo lanu ili. Ine ndinaimirira pafupi, sindinakhale. Amalume anali osangalala, anapatsa moni aliyense, ngakhale anthu odikira milandu yawo. Anakhala pambali pa amayi n'kuwagwira paphewa, nati, "Achemwali, musadandaule, ine si munthu woipa. Zikatha izi ndizikubwerekani Lachiwiri lililonse, oyendera akakhala kuti sali pafupi. Petulo wanu. Koma muziibweza yopukuta, chifukwa ulendo uno yabwera ndi matope."

Amayi anayang'ana bondo lawo. Kenako anachotsa dzanja la amalume paphewa pawo n'kuliika pa benchi, ngati akuchotsa chinthu chimene chawagwera kuchokera padenga.

Anati, "Yopukuta."

Amalume anati eya, n'kuseka.

Nthawi yomweyo inu munatuluka kudzaitana mboni. Amayi anandikodola. Anati, "Lowa iweyo. Ukanene zonse, ndipo usandidumphe. Ukanene kuti ndinabwereketsa ndi ine, ndinakutseka pakamwa ndi ine, ndinanamiza mayi wa boma uja ndi ine."

Amalume anadzuka nati, "Achemwali, mwapenga? Mumangidwa nanu."

Amayi anati, "Ndamva. Khalani pansi, tilowa mmodzimmodzi."

Musanayambe kulemba munandichenjeza kuti zimene ndinganene zikhoza kutsekeretsa amayi, ndiponso achimwene sangatuluke lero. Mwandichenjezanso pakati paja. Ndamva kawiri konse. Musachotse mawu ngakhale amodzi. Amayi akudziwa. Ndisanalowe anamasula makiyi a nyumba pa nsonga ya nsalu yawo n'kundipatsa, nati mbuzi ndiitsekere dzuwa lisanalowe, ndipo mankhwala awo a magazi ali pamwamba pa kabati, ndiwabweretsere ngati sabwerako. Makiyi ake ndi awa ndaika patebulo panuwa. Iwo ali pa benchi, akudikira kuti muwaitane.

Zimene ndikudziwa pa nkhaniyi ndi zomwezi. Ndawerenga ndekha, ndipo zalembedwa mmene ndanenera.

Siginecha ya mboni: ______________________

Siginecha ya wapolisi wolemba: ______________________